Kunyamula a Chimphona

Tsiku limene anagwa kunali kutangocha kumene. Atelala anali atatenthetsa kale madzi osamba, thaulo lili paphewa, njinga ya olumala ataikankhira pafupi ndi bedi monga ankachitira masiku onse. Analowetsa manja m'khwapa mwa amuna awo, napuma mozama, nakoka. Pomwepo china chake chinathetheka m'chiuno mwa mayiwo, ndipo onse awiri anapezeka ali pansi, pakati pa bedi ndi kabati ya zovala.

Amuna awowo anthu ankawatcha a Chimphona. Dzinalo analitenga ali mnyamata ndipo linawakhala bwino. Anagwira ntchito yowotcherera zitsulo zaka makumi atatu ndi zisanu: mageti, mafelemu a mawindo, mashelefu a m'masitolo. Chitseko chachitsulo ankachinyamula okha anzawo atatu akukanganabe za pogwira. Koma miyezi isanu m'mbuyomo sitiroko inawagwira ali kuntchito. Inapha dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo mawu inawasiyira ochepa, otuluka limodzilimodzi movutikira. Chimene chinatsala chonse ndi thupi, makilogalamu 94.

Atelala anadzuka pogwira mwendo wa bedi. Anayesa kuwakweza amuna awo kawiri, osatheka. Anawaikira pilo kumutu, nawafunditsa bulangete, nakhala nawo pansi pomwepo. Mnansi wawo, makaniko wa nyumba yoyandikana, anali atapita kukasiya ana kusukulu, ndipo panapita maola awiri asanabwere ndi mchimwene wake kudzathandiza. Anawanyamula wina kumapewa wina kumiyendo, akulankhula mokweza monga anthu amachitira akamabisa chisoni. A Chimphona sanathokoze. Atawagoneka anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku lonselo sanadye.

Mayi wa mafizo, amene ankabwera Lachitatu lililonse kudzawongola mwendo ndi dzanja la wodwalayo, anamva nkhaniyi ataima pakhomo la kukhitchini. Anawauza Atelala kuti awerame, nawagwiragwira msana.

"Mwapulumuka, mayi. Koma mukunyamula ndi msana, ndipo msana si wonyamulira. Ndikuonetsani kaimidwe kake, komabe ndisakunamizeni, luso lokha silikwana. Inu muli ndi makilogalamu angati?"

"58."

"Mwaona. Zilipo ziwiri. Mupeze mwamuna wantchito woti azibwera m'mawa ndi madzulo, kapena miyendo ndi mikono yanuyi ilimbe."

"Ayi!" mawu anachokera kuchipinda. Chitseko chinali chotsekula, ndipo a Chimphona ankamva zonse.

"Ayi wake ndi wa chiyani, bambo?" anafunsa mayi wa mafizo.

"Wa mwamuna wantchitoyo," anayankha Atelala. "Zaka zonsezi amene wawaona atavula ndine ndekha. Sayamba lero kuvulidwa ndi mwana wa eni ake. Tandiuzani za miyendozo."

Mayi wa mafizo analemba pa pepala zinthu zitatu: kukankha cholemera ndi miyendo, kukokera cholemera pachifuwa, ndi kudzuka nacho kuchokera pansi. Anati katatu pa sabata, kuyambira pang'ono, kumawonjezera mwezi ndi mwezi. Anatchula za jimu, malo olimbitsira thupi, imene inali kuseri kwa msika, koma Atelala anangopukusa mutu. Sakanawasiya amuna awo okha ngakhale theka la ola, komanso mayi wa zaka 61 akakaima bwanji pakati pa anyamata ovala makabudula?

Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anali mphunzitsi kumzinda wina wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Atamva za kugwako analira pafoni, kenako anakalipa, kenako anati agula makina ochitira mafizo a m'nyumba.

"Mupite kusitolo mukasankhe, amayi. Musakayang'ane mtengo. Mukatenge abwino kwambiri."

Loweruka mlamu wawo, mlongo wake wa a Chimphona, anabwera kudzakhala ndi wodwala, ndipo Atelala anakwera minibasi kupita m'tauni. Sitoloyo inali pansanjika yoyamba, pamwamba pa ogulitsa matiresi. Munali kununkha mphira watsopano. Wogulitsa, bambo wa mapewa otakata ndi malaya omuthina, anawalandira mwaulemu.

"Takulandirani, mayi. Mukufunira mwana wanu?"

"Ndikufunira ine."

"Zabwino kwambiri. Ochepetsa thupi ali mbali iyi, oyendapo ndi opalasa."

"Thupi loti ndichepetse mukuliona pati? Ndikufuna mphamvu. Ndili ndi munthu woti ndizimunyamula."

Wogulitsayo anawayang'ana kachiwiri, nasiya kumwetulira kwa malonda kuja. Anawatsogolera kumapeto kwa sitolo nawaonetsa mitundu itatu.

Oyamba anali opachika kukhoma, osalala ngati chitseko cha firiji, okhala ndi sikirini yaikulu ndi mikono iwiri yotulutsa zingwe. Analibe zitsulo zooneka. Kulemera kwake kunkachokera ku magetsi, ndipo pa sikirinipo pankatuluka mtsikana womwetulira wokuuza zochita ndi kukuwerengera. Ankafuna intaneti ndi kulipira mwezi uliwonse. Mtengo wake unkaposa enawo katatu.

Achiwiri anali ndi mpando, nsanamira yaitali kumbuyo, ndi zitsulo zafulati zosanjikizana zimene zinkakwera ndi kutsika munthu akakoka chingwe. Kulemera unkasankha wekha polowetsa kamsomali pa chitsulo chimene ukufuna. Kutsogolo kunali chipondero cha miyendo. Amenewa analipo a mitundu iwiri: ofiira onyezimira otsikirapo mtengo, ndi otuwa osakongola amene wogulitsayo anati akhalitsa m'sitolomo.

Achitatu sanali makina kwenikweni. Zinali nsanamira zinayi zachitsulo zolumikizidwa pamwamba, benchi pakati, ndi mpiringidzo wautali wokolowekako zitsulo zozungulira uku ndi uku. Analibe chingwe, analibe kagudumu, analibe choti n'kuwonongeka.

Atelala anatulutsa tepi yawo yoyezera nsalu m'chikwama nayeza onse, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, n'kumalemba kuseri kwa pepala la mayi wa mafizo. Malo okhawo amene analipo kunyumba anali m'chipinda chosokera, atasuntha tebulo lodulirapo nsalu. Kenako anawajambula makinawo pafoni, nathokoza, nabwerera.

Kunyumba anapeza mlamu wawo akuwodzera pampando, a Chimphona atayang'ana kukhoma monga mwa nthawi zonse. Alamu awiriwo anayamba kuonetsana zithunzi monong'ona.

"Awa a sikiriniwa ndiye a ulemu, mlamu. Alendo akabwera aziona ngati mwagula wailesi yakanema yachiwiri," anatero mlongo wa a Chimphona.

"Tione."

Onse awiri anatembenuka. A Chimphona anali atatambasula dzanja lamanzere. Chidwalireni anali asanapemphepo kuona chinthu chilichonse, kaya nyuzipepala, kaya mpira, kaya zithunzi za adzukulu. Atelala anawaika foni m'dzanja, nawavalika magalasi. Bamboyo anakulitsa chithunzi ndi chala chachikulu, mosazolowera, nachiyang'ana nthawi yaitali. Anapita pa china, nabwereranso.

"Pansi," anatero.

"Pansi pa chiyani, bambo?"

"Polumikiza. Simunajambule."

"Ine ndimadziwa bwanji kuti pansi pamafunika?"

"Diresi... mumaona kunja?"

Atelala anadziwa kuti zinali zoona. Iwo chovala ankayamba achitembenuza kuti aone msoko wa m'kati. A Chimphona anaika foni pachifuwa, natseka maso. Akazi awo ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma patapita kanthawi anamva:

"Ndipita."

Anapita Lachiwiri. Makaniko uja anawatenga pa galimoto yake, njinga ya olumala ataipinda kumbuyo. Aka kanali koyamba a Chimphona kutuluka pageti popanda kupita kuchipatala. Anaumirira kuvala malaya a kolala, ndipo asananyamuke analoza bokosi lawo la zipangizo limene linali pansi pa bedi, kuti awapatse sipanala yaing'ono. Anaiika m'thumba la malaya ngati cholembera. Kusitoloko makwerero anali khumi ndi asanu ndi atatu. Makaniko ndi wogulitsa anawakweza ali panjinga pomwepo, Atelala akutsatira m'mbuyo, manja atatambasula ngati akanatha kuwakha chilichonse.

Pa makina a sikirini sanachedwepo. Anagogoda m'mbali ndi sipanala ija, phokoso lake linali la pulasitiki.

"Magetsi akathima?"

"Ndiye kuti mudikira ayake, bambo," anayankha wogulitsa.

"Akafa?"

"Timatumiza kwa amene anawapanga. Zimatenga miyezi iwiri kapena itatu."

A Chimphona anagwedeza sipanala kuti apitirire. Pa ofiira onyezimira aja anagogoda nsanamira, napendeketsa mutu kumvetsera. Anagogodanso m'munsi. Kenako anapempha kuti awasendeze pafupi, nayendetsa chala pamene zitsulo zinalumikizidwa pansi pa mpando.

"Chitini," anatero. Anapuma, akufunafuna mawu ena. "Wowotcherera... anali ndi njala."

Makaniko anaseka mpaka kugwira bondo. Wogulitsa anafuna kutsutsa, koma anawerama nayang'ana yekha pansi pa mpandopo. Otuwa aja a Chimphona anawagogoda malo anayi, nakoka chingwe kuti amve mmene magudumu akuyendera, nangoti, "Hmm."

Atafika pa nsanamira zinayi zija nkhope yawo inasintha. Sanagogode n'komwe. Anagwira nsanamira imodzi ndi chikhatho chonse, nayendetsa chala pa msoko wa chitsulo kuchokera m'munsi mpaka pamene dzanja linalekezera. Msokowo unali wosalala, mizere yake yofanana ngati yoluka.

"Uyu," anatero, "amadziwa ntchito."

"Amenewa ndiye sadzatha, bambo," anavomereza wogulitsa. "Adzukulu anu adzawapeza. Pa mtengo ndiwonso otsika pa onse, ndipo pa mphamvu palibe owaposa. Ine kunyumba ndili ndi omwewa."

"Awa," anatero a Chimphona, akuyang'ana akazi awo. M'maso mwawo munali kuwala kumene Atelala anali atakuiwala.

Wogulitsa anakanda m'mutu. Ankaoneka kuti sakufuna kunena, koma ananena.

"Pali chimodzi chokha. Mayi akasenza mpiringidzowu pamapewa n'kutsika nawo, pamafunika munthu woima kumbuyo. Miyendo ikawakanika, iyeyo ndi amene amawakha. Kwa munthu woyamba kumene, wa msinkhu wawowu, sindingalole kuti azichita okha. Kunyumba alipo woti aziima kumbuyo?"

Makaniko anayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma. A Chimphona anayang'ana dzanja lawo lamanja, limene linali pa ntchafu pamene akazi awo analiika m'mawa, zala zitapindikira m'kati. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa dzanja lamanzere pa nsanamira ija pang'onopang'ono, nabweza sipanala m'thumba.

"Otuwa," anatero.

"Bambo, ngati mwakonda awa, tikhoza kumapempha..."

"Otuwa." Anameza malovu movutikira. "Aja... chikakulemerani... mungosiya. Sichikugwerani."

Atelala anawerama nawakonza kolala ya malaya, ngakhale inali bwinobwino.

Mwana wawo atamva pafoni kuti asankha makina osakongola, okhalitsa m'sitolo, sanasangalale.

"Amayi, ndinati abwino kwambiri. Mukundichepetsa? Mukuganiza kuti sindingakwanitse?"

"Asankha ndi abambo ako."

"Adadi asankha? Alankhula?"

"Alankhula mpaka kunyoza wowotcherera wa eni ake."

Kumbali inayo kunamveka kufwenthera.

"Ndimangofuna ndichitepo kanthu, amayi. Ndili kuno, inu mukugwa pansi uko."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndalama zotsalazo ukwerere basi pa tchuthi. Abambo ako sikirini sakuifuna, koma iweyo amakufunsa."

Makinawo anabwera m'makatoni atatu. Anthu a kusitolo anati awamanga okha mu ola limodzi, koma a Chimphona anakana. Anauza akazi awo kuti awakankhire m'chipinda chosokera, kabuku ka malangizo kali pa ntchafu, ndipo ntchito ya ola limodzi inatenga masiku anayi. Atelala ankagwada pansi pakati pa zidutswa za nsalu, sipanala m'manja, amuna awo akuloza ndi chala.

"Osamangitsa. Onse alowe kaye."

"Ndamva."

"Mwamangitsa."

"Sindinamangitse, ndangokhudza."

"Masulani."

Tsiku lachitatu, zonse zitaima, panatsala mawashala awiri, tizitsulo tobowoka toika pa mabawuti, m'kapepala. Atelala anati mwina ndi apadera. A Chimphona anati palibe fakitale imene imapatsa munthu mphatso, ndipo anawamasulitsa mbali yonse ya chipondero mpaka anapeza pamene panaiwalika. Mayiwo anakwiya, nataya sipanala pansi, nakaima kukhitchini. Ali kumeneko anazindikira kuti aka n'koyamba kukangana ndi amuna awo chidwalireni, ndipo anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni nabwerera.

Chitsulo chilichonse pa msanjikowo chinali makilogalamu asanu. Mayi wa mafizo anabwera kudzawaonetsa kakhalidwe, nalowetsa kamsomali pa chachitatu pokankha ndi miyendo, ndi pa chachiwiri pokoka ndi manja. Tsiku loyamba Atelala anaona ngati n'zamasewera. M'mawa mwake analephera kutsika kakhwerero ka pakhonde, ntchafu zikuyaka moto, ndipo kupalasa makina osokera kunali ngati chilango.

Anapitirizabe, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, akatha kuwasambitsa ndi kuwadyetsa amuna awo. A Chimphona ankakhala pakona panjinga yawo n'kumawerenga. Mayi wa mafizo anati zimenezo n'zabwino pa lilime lawo. Ankayamba bwino, wani, thu, fili, folo, koma seveni ankawavuta. Ankafika pa sikisi n'kukakamira pomwepo, sikisi, sikisi, sikisi, akazi awo akukankhabe, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, mundipha. Dumphani mupite pa eyiti."

"Sikisi," ankatero iwo, mbali imodzi ya pakamwa ikukwera m'mwamba. Patapita masabata angapo Atelala anayamba kukayikira kuti sevenyo amamudziwa bwinobwino.

Kamsomali kanatsika pang'onopang'ono, pa chachinayi, pa chachisanu ndi chimodzi, pa chachisanu ndi chitatu. Mabulauzi a Atelala anayamba kuthina m'mapewa, ndipo madzulo ena anakhala pansi kuwaphwasula m'khwapa n'kuwonjezera kansalu. Makasitomala obwera kudzayezetsa ankaima pakhomo la chipindacho n'kufunsa ngati bambo ayamba kuchira. Iwo ankangoti, "Tikuyesetsa." Chidebe cha madzi osamba anayamba kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Ndipo m'mawa, akapinda mawondo monga anaphunzitsidwira, n'kuwakumbatira amuna awo m'chiuno, n'kudzuka ndi ntchafu, bamboyo ankabwera. Mwezi wachisanu chibwerere makinawo ankabwera movutikira. Mwezi wachisanu ndi chitatu ankabwera mosavuta, moti tsiku lina Atelala anawagwira ali chiimire kwa kanthawi, chifuwa pa chifuwa, asanawakhazike.

"Mwaona, bambo? Makina anu aja."

"Abwino," anayankha a Chimphona, mutu uli paphewa la akazi awo.

Mwezi wachisanu ndi chinayi linakwana tsiku lokaonana ndi dokotala. Kuchipatala kunali sikelo yokwerapo ndi njinga yomwe. Namwino anawakankhirapo, nachotsera kulemera kwa njingayo, nalemba m'kabuku. Kenako anatsegula masamba a m'mbuyo, nayang'ananso sikelo.

"Mayi, bambowa akudya?"

"Akudya. Pang'ono, koma akudya. Bwanji?"

"Ali ndi 76. Ulendo watha anali ndi 94."

Atelala anapempha kuti ayezenso. Anayezanso, inali 76 yomweyo. Dokotala anawapima nthawi yaitali, natumiza magazi, ndipo masana anawaitanira mayiwo m'kachipinda kena. Anati minofu ya kukhosi ikufooka, n'chifukwa chake chakudya chikutsika movuta, komanso impso zatopa. Anati pali mankhwala ochepetsa mavuto, koma sanalonjeze zambiri. Analankhula mofatsa, akuyang'ana pa tebulo.

M'galimoto ya makaniko pobwerera, Atelala ankayang'ana kunja, masitolo akudutsa. Iwo anali munthu wodziwa chiuno cha kasitomala pongomuona akulowa pakhomo. Mathalauza a amuna awo anali atawabweza m'chiuno kawiri ndi manja awo omwe, n'kumadziuza kuti nsalu yatamuka ndi kuchapa. Mbale zobwerera ndi chakudya ankaziona tsiku ndi tsiku. Zonsezi ankazidziwa, koma anali asanaziike pamodzi, chifukwa m'mawa uliwonse munthu uja akabwera mopepuka m'manja mwawo, mtima unkawauza kuti ndi mphamvu zawo.

Kunyumba anawasamutsira pabedi, nawavula nsapato. Dzuwa la masana linkalowa pa windo n'kugwera pa bulangete. Anakhala m'mphepete mwa bedi, atawafulatira.

"Munkadziwa?"

"Eee."

"Ndiye n'kumandisiya ndizinyada ngati chitsiru? Makina abwino, makina abwino."

"Abwino ndithu."

"Musandiseke, bambo."

Anamva dzanja lamanzere likuwagwira pamkono, pamwamba pa chigongono, pamene panali patalimba. Linafinya pang'ono.

"Izi... si zanga," anatero a Chimphona. "Ndi zanu." Anapuma kwa kanthawi. "Theka inu. Theka ine. Tagawana ntchito."

Atelala anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseko. Anagona chammbali pafupi ndi amuna awo, nsapato zili kuphazi, nalira mmene anali asanalirirepo chiyambire matendawo. Bamboyo anangowagwira pamkono pomwepo mpaka anatonthola.

Lachisanu la sabata imeneyo Atelala sanalowe m'chipinda chosokera. Lolemba nalonso anayamba kuchapa makatani amene sanali akuda. A Chimphona anagogoda chitsulo cha bedi ndi supuni mpaka mayiwo anabwera.

"Nthawi," anatero.

"Zithandizanso chiyani?"

"Nthawi."

Anawakankhira pakona pawo paja, nakhala pampando wa makina, naika mapazi pa chipondero.

Anakhala nawo miyezi ina isanu ndi iwiri. Mwana wawo anabwera pa tchuthi chilichonse, ndipo kumapeto anapempha kusukulu kuti akhale milungu itatu. Mawu a a Chimphona anapita akuchepa, mpaka kuwerenga kuja kunasanduka kugogoda chala pa chogwirira cha njinga. Chakudya chinasanduka chamadzimadzi, cha pa supuni yaing'ono. Masiku amenewo kunyamula kunachuluka kuposa kale, chifukwa ankafunika kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kuwakweza kuti apume bwino, kusintha nsalu za pabedi iwo ali pomwepo. Zonsezi Atelala anazichita okha, ndipo msana sunawavutenso. Namwino amene anabwera sabata yomaliza anayang'ana khungu la wodwalayo kumsana ndi m'zidendene, osapezapo chilonda, nafunsa kuti akuwathandiza ndani. Atamva kuti ndi iwo okha, anawayang'ana mayiwo modabwa.

A Chimphona anamwalira Lachinayi masana, ali panjinga yawo pafupi ndi windo la pabalaza, mwana wawo atapita kukagula mankhwala. Atelala ankasoka mpendero wa siketi ya kasitomala ndi singano yamanja, ndipo anangomva kuti m'chipindamo mwachepa phokoso limodzi. Anaika siketiyo pambali. Anawatseka maso, nawapukuta pakamwa, nawakankhira kuchipinda, nawagoneka pabedi bwinobwino, manja onse awiri pachifuwa. Atatha zimenezo m'pamene anatuluka kukagogoda kwa makaniko.

Maliro atatha ndipo abale atabalalika, mwana wawo anatsalira masiku angapo kuti athandize kulongosola m'nyumba. Njinga ya olumala anaibweza kuchipatala. Bokosi la zipangizo analipereka kwa makaniko, amene analilandira ndi manja awiri. Zovala anazipinda m'masutikesi. Tsiku lomaliza mwanayo anaima pakhomo la chipinda chosokera, tsache lili m'manja.

"Nanga awa, amayi? Mnzanga wina akuti mwamuna wake akhoza kuwagula. Tebulo lanu lodulirapo libwerere pamalo pake."

"Asiye kaye."

"Mukuwafunabe?"

"Sindikudziwa. Asiye kaye."

Mwanayo anatsamiritsa tsache kukhoma. Anali mayi wa zaka 34, wamtali ngati bambo ake. Anakwinya siketi, nakhala pampando wa makinawo, naika mapazi pa chipondero monga ankaonera amayi ake akuchitira. Anakankha. Zitsulo sizinasunthe. Anagwira m'mbali mwa mpando, nakukuta mano, nakankhanso. Zinakwera pang'ono ngati kukula kwa chala, n'kugwa ndi phokoso.

"Amayi! Zimenezi mumakankha inuyo?"

"Kakhumi. Maulendo atatu."

Anayang'anana. Mwanayo anayamba kuseka, amayi ake nawonso, ndipo anaseka mpaka kusekako kunatembenuka, mwana atabisa nkhope m'manja ali pampando pomwepo. Atelala anamusiya alire. Kenako anapita kumbuyo kwa makinawo, nazula kamsomali, nakalowetsa pa chitsulo chachitatu.

"Tsamira bwino," anatero, akumuwongola mapewa ndi manja awiri. "Mapazi atalikirane pang'ono. Usathamange."